Inshuwalansi ya paulendo kwa munthu wa vuto la mtima: kodi idzalipiradi?

Madokotala a mtima masiku ano amabwezera anthu ambiri ku moyo wawo wakale. Wina mtsempha wopereka magazi ku mtima unatsekeka, amulowetsa kachipangizo kotchedwa stent kuti njira itseguke. Wina amung'amba pachifuwa n'kumulumikizira mitsempha ina, opaleshoni yomwe amati bypass. Wina amusinthira valavu yomwe inawonongeka ali mwana, wina amuikira kabatire kowongolera kugunda kwa mtima. Pakatha miyezi ingapo munthu uja akuyendetsa galimoto, wayambiranso ntchito, ndipo dokotala wamuuza kuti atha kukwera ndege. Ulendo umene ankaulakalaka ali chigonere, wokaona makolo kumudzi kapena zidzukulu kunja, tsopano watheka. Vuto limadzatulukira pogula inshuwalansi ya paulendo. Kampani ina ikukana, ina ikutchula mtengo wofanana ndi wa tikiti, ina ikuvomera msangamsanga koma m'kati mwa chikalata yalemba kuti chilichonse chokhudza mtima siidzalipira.

Amene zamuchitikira amamva ngati amunyoza. Dokotala wanga wanena kuti ndili bwino, nanga iwowa ndani? Komatu dokotala ndi kampani akuyankha mafunso osiyana. Dokotala akuona ngati ulendowo ungavulaze wodwala wake. Kampani ikuwerengera kuti mwa anthu ambirimbiri a matenda ofanana ndi anuwo, ndi angati amene adzagonekedwe m'chipatala ali kunja, ndipo chipatala cha dziko limenelo chidzafuna ndalama zingati.

Funso la dokotala lili ndi mayankho odziwika. M'ndege mpweya umakhala wopepuka ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati pamwamba pa Nyika, ndipo magazi amatenga okosijeni wocheperako. Mtima wolimba sumva kanthu, koma wofooka umagwira ntchito yowonjezera. Komanso mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndege ikakwera, n'chifukwa chake amene wang'ambidwa pachifuwa amadikira kuti mpweya wotsalira m'katimo uthe. Malangizo omwe bungwe la British Cardiovascular Society linatulutsa mu 2010 amati woikidwa stent mochita kukonzekera, ngati panalibe chovuta, atha kuuluka pakatha masiku 2. Wochitidwa bypass popanda chovuta, masiku 10. Wogwidwa ndi heart attack, masiku 3 ngati inali yaing'ono ndipo zonse zili bwino, masiku 10 ngati chiopsezo chili chapakati, ndipo asayende konse ngati mtima sunakhazikike. Masikuwa ndi ochepa modabwitsa. A inshuwalansi sawerengera choncho. Kwa iwo miyezi yoyambirira pambuyo pa opaleshoni ndiyo yoopsa kwambiri, ndipo ambiri sagulitsa chilichonse kwa munthu amene akudikira kukapimidwa, kumva zotsatira, kapena kuchitidwa opaleshoni ina. Mutha kukhala ndi chilolezo cha dokotala, kampani ya ndege n'kukulandirani, koma osapeza wokutetezani.

Pamenepo ena amangoti basi, ndipita choncho. Asanatero, ndi bwino adziwe chimene akusiya. Katundu wosowa pabwalo la ndege kapena ndege yochedwa ndi nkhani zazing'ono. Munthu wa vuto la mtima amagula inshuwalansi chifukwa cha zinthu zitatu zolemera: bilu ya chipatala, ndege yomunyamula akadwalika, ndi kunyamula thupi lake zikavuta.

Kwa Mmalawi wokhala ku Britain amene akubwera kumudzi, chachiwiricho ndicho chachikulu. Chithandizo chapamwamba cha mtima n'chochepa kwathu, ndipo kwa zaka zambiri odwala ofunika opaleshoni akhala akutumizidwa ku India ndi ku South Africa. Munthu amene stent yake yatsekeka ali ku Nkhotakota kapena ku Mzimba ayamba ndi ulendo wa pamsewu wopita ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, ndipo mwina madokotala anena kuti apite ku Johannesburg kapena ku Nairobi pa ndege ya ambulansi, yokhala ndi dokotala, namwino ndi zipangizo. Ndege yotere imadya madola masauzande ambiri, ndipo sinyamuka popanda wina wotsimikizira kuti alipira. Kumeneko chipatala cholipira nacho chifuna chitsimikizo chake. Banja lopanda inshuwalansi limayamba kuimba mafoni usiku, kusonkha, kugulitsa poloti, pamene kwa mtima ola lililonse ndi lamtengo wapatali. Njira yakenso ndi yaitali. Palibe ndege yochoka ku London kudzatera ku Lilongwe osaima. Mumadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo Addis Ababa ali pamalo okwera mamita oposa 2,300. Mukadwalira podikira ndege ina, muli m'dziko lachitatu momwe mulibe mbale.

Pogula inshuwalansi amakufunsani mafunso, pa intaneti kapena pa foni, ndipo apa ndi pamene zinthu zimakomera kapena kuipira. Munadwalapo heart attack kangati? Kodi mumasuta fodya, kapena munkasuta? Mumamwa mitundu ingati ya mankhwala a mtima? Mwagonekedwapo m'chipatala mwadzidzidzi chaka chathachi? Mumatha kuyenda kamtunda pamalo osakwera popanda kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa? Pali zoti akupimeni zomwe mukudikira? Mayankho anu amalowa mu kompyuta yomwe imapereka malikisi, ndipo malikisiwo pamodzi ndi zaka zanu, dziko lomwe mukupita ndi kutalika kwa ulendo ndiwo amabala mtengo.

Chikhalidwe chathu chimatipweteka pamenepa, ndipo ndikunena izi ndi chisoni. Tinaleredwa kuti matenda sauzidwa mlendo. Wodwala ukamufunsa amati ndikupezako bwino ngakhale ali ndi ululu. Bambo wachikulire amene anachitidwa bypass zaka zisanu zapitazo amanena moona mtima kuti ndinachira, matendawo anatha. Mayi amene amamwa mapiritsi a BP m'mawa uliwonse sadziwerengera m'gulu la odwala: ndi BP chabe, aliyense ali nayo. Ena samafuna n'komwe kutchula matenda amene Mulungu anawachiritsa, kuopa kuwaitananso. Zonsezi n'zomveka pakati pathu. Kwa kampani, opaleshoni ya zaka zisanu zapitazo ndi nkhani ya lero, ndipo BP, shuga, mafuta ochuluka m'magazi, kugunda kwa mtima kosalongosoka, chilichonse chimene mumamwera mankhwala kapena chimene dokotala anachilemba, chiyenera kutchulidwa. Tsiku logula sakufufuzani. Amadzafufuza tsiku limene mwadwala, pamene amaitanitsa mafayilo anu kwa dokotala wanu n'kuwayerekeza ndi zimene munayankha, inu muli pa bedi ndipo bilu ikukwera.

Ku Britain lamulo la Consumer Insurance (Disclosure and Representations) Act la 2012 limasiyanitsa wonama dala ndi wolakwitsa mosasamala. Wonama dala, kampani itha kufafaniza mgwirizano wonse, osalipira kanthu, ndalama zake osamubwezera. Wolakwitsa mosasamala amaweruzidwa potengera zimene kampani ikanachita ikanadziwa zoona. Ngati ikanamulipiritsa mapaundi 200 koma iye analipira 100, imulipirira theka la bilu. Ngati ikanachotsa mtima pa mgwirizano, silipira za mtima. Ngati ikanamukana, imubwezera ndalama zake basi. Theka la bilu ya ndege ya ambulansi ndi chipinda cha odwala mwakayakaya likhoza kugwetsa banja. Maiko ena malamulo awo ndi ouma kuposa pamenepa.

Choncho musayankhe mafunsowo kuchokera m'mutu. Khalani ndi kalata yomwe anakupatsani potuluka m'chipatala, makalata a dokotala wa mtima, ndi mapaketi a mankhwala anu patebulo. Mayina a matenda ndi ofunika kwambiri: angina, atrial fibrillation ndi heart failure ndi matenda osiyana ndipo ali ndi mitengo yosiyana, ndipo munthu amene amangodziwa kuti ali ndi vuto la mtima akhoza kusankha dzina lolakwika, mwina loopsa kuposa lake n'kudzilipiritsa zambiri pachabe. Pamene funso silikumveka, imbani foni muyankhule ndi munthu. Mwana amene akudzazira makolo fomu asangolemba ayi, ayi, ayi pofuna kumaliza msanga. Awafunse bwinobwino, ndipo ngati n'kotheka aone kabuku kawo ka kuchipatala, chifukwa makolo athu ambiri amabisira ana awo kukula kwa matenda posafuna kuwadandaulitsa.

Nanga mtengo ukakwera kwambiri? Yesero loyamba ndi kuvomera kuti mtima auchotse. Kampani imati tikutetezani pa zina zonse kupatula zimene munadwalapo, ndipo mtengo umatsika kwambiri. Ine ndimaona kuti pepala lotere limanamiza mwini wake. Limakutetezani pa ngozi ya galimoto ndi pa malungo, inde, koma lasiya chinthu chenicheni chimene chingakugwetseni. Komanso mawu ake amakhala otakata, amati matendawo ndi chilichonse chochokera kwa iwo. Sitiroko kwa munthu wa BP kapena wa atrial fibrillation adzati yachokera ku matenda omwewo. Mukachita chizungulire n'kugwa n'kuthyoka mwendo, adzafunsa chimene chinayambitsa chizungulirecho. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, kapena aspirin pamodzi ndi clopidogrel monga amachitira oikidwa stent, n'kutaya magazi ambiri, mkangano udzakhala womwewo. Imfa yobwera ndi mtima nayo siidzawerengedwa, ndipo udindo wonyamula maliro udzagwera abale.

Kwa okhala ku Britain njira ina ilipo, ndipo ambiri saidziwa. Kuyambira mu 2021 bungwe la Financial Conduct Authority limalamula kuti kampani ikakukanani chifukwa cha matenda, ikachotsa matenda anu pa mgwirizano, kapena ikawonjezera mtengo kupitirira malire ena, omwe poyamba anali mapaundi 100, ikuuzeni za mndandanda wa makampani odziwa za anthu odwala. Mndandanda wina uli ku MoneyHelper, wina ku British Insurance Brokers' Association. Makampani amenewa amafunsa mafunso ambiri, ndipo kuchuluka kwa mafunsoko n'kumene kumathandiza, chifukwa amatha kusiyanitsa munthu amene anaikidwa stent imodzi zaka zapitazo ndipo amayenda mtunda tsiku lililonse ndi amene amabanika pokwera masitepe. Kukanidwa pa tsamba loyerekeza mitengo sikutanthauza kuti msika wonse wakana. Mitengo imasiyana kwambiri pa munthu yemweyo, ndiye funsani m'malo angapo, mayankho anu akhale amodzimodzi paliponse.

Pali tizinthu tina tomwe timapusitsa anthu. Inshuwalansi yobwera ndi akaunti ya kubanki kapena ndi khadi logulira tikiti nthawi zambiri siteteza matenda akale pokhapokha mutawaimbira, kuwauza, n'kulipira kowonjezera, ndipo imakhala ndi malire a zaka. Inshuwalansi ya chaka chonse kawirikawiri imalola masiku 31 pa ulendo umodzi, pamene ife tikabwera kumudzi timakhala miyezi iwiri, kuyang'anira nyumba yomwe tikumanga, kudikira chiliza. Khadi la GHIC, lomwe okhala ku Britain amalandira kwaulere, limathandiza m'zipatala za boma za maiko a European Union ngakhale pa matenda akale, koma silinyamula munthu kubwerera kwawo, ndipo ku Malawi, Zambia kapena Mozambique siligwira ntchito. Chokomera ife n'chakuti makampani amagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo chigawo chokwera mtengo kwambiri ndi chokhala ndi America, Canada ndi zilumba za Caribbean. Wopita ku Malawi asankhe chigawo chopanda maiko amenewa.

Nkhani ya malungo ndiyofunika kuiikapo, ngakhale si ya inshuwalansi kwenikweni. Amene wakhala kunja zaka zambiri chitetezo chake ku malungo chinatha, ndipo ayenera kumwa mankhwala oteteza. Koma doxycycline ndi mankhwala okhala ndi proguanil amatha kuwonjezera mphamvu ya warfarin, ndipo mefloquine savomerezeka kwa anthu ena a vuto la kagundidwe ka mtima. Amene ali ndi valavu yachitsulo, amene amamwa warfarin moyo wonse, akambirane ndi dokotala ulendo usanayandikire, ayambe mankhwalawo nthawi ilipo kuti apimidwe kaundanidwe ka magazi (INR) asananyamuke, ndipo adziwiretu komwe adzapimitse ali kumudzi.

Ulendo wochoka kwathu kupita kunja ndiwo umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa msika wake ndi wosauka. Taganizirani mayi wa zaka 68, wa BP ndi mtima wofooka, amene ana amuitana kuti akalere mdzukulu ku Manchester. Mwana wake sangamugulire inshuwalansi wamba ya ku Britain ija, popeza imafuna munthu wokhala m'dzikomo, wolembetsa kwa dokotala wa komweko, amene ulendo wake ukuyambira ndi kuthera ku Britain. Atsala ndi yogula kuno kapena ya makampani a pa intaneti ogulitsa kwa alendo, ndipo zambiri mwa izo sizifunsa mafunso a zaumoyo n'komwe. Anthu amakondwa nazo poona kuti zagulika mosavuta. Sizifunsa chifukwa zinachotseratu matenda onse akale m'chikalata. Viza ya Schengen imafuna inshuwalansi ya mayuro 30,000 kapena kuposa, ndipo pepala lotsika mtengo limakwanira kukhutiritsa ofesi ya kazembe, koma kukhutira kwa kazembe sikulipira bilu ya mtima.

Viza yokacheza ku Britain siifuna inshuwalansi, ndipo ambiri amaganiza kuti chipatala kumeneko n'chaulere. N'chaulere kwa okhala komweko. Ku England mlendo amathandizidwa kwaulere ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi, koma akangogonekedwa amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wa zipatala za boma (NHS). Chithandizo chopulumutsa moyo sachikana, koma bilu imatsatira, ndipo ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposa ikakhala miyezi iwiri osalipidwa imaperekedwa ku Home Office, ofesi yoona za maviza, komwe ikhoza kulepheretsa viza ina m'tsogolo. Ku America mitengo ya zipatala ndi yoopsa, ndipo inshuwalansi zambiri za alendo zimangolonjeza kuthandiza ngati matenda akale abuka mwadzidzidzi, ndi malire a ndalama ndi a zaka, mawu omwe amabweretsa mikangano yambiri. Ku Canada, komwe viza ya makolo yotchedwa super visa imafuna inshuwalansi ya madola a ku Canada 100,000, makampani amayang'ana ngati matenda akhala okhazikika kwa masiku angapo ulendo usanayambe, kawirikawiri 90 kapena 180. Kusintha mlingo wa mankhwala, ngakhale kuutsitsa chifukwa munthu akupeza bwino, kumatha kuwerengedwa ngati kusakhazikika.

Amene ali pa MASM kapena pa thumba lina la zachipatala afunse, ndipo yankho alilandire lolembedwa, kuti thumbalo limachita chiyani munthu akadwala ali kunja, chifukwa kutumizidwa kunja ndi dokotala n'kosiyana ndi kudwala uli kocheza. Ndipo amene akupita ku India kukachitidwa opaleshoni adziwe kuti inshuwalansi wamba ya paulendo siteteza ulendo wokalandira chithandizo. Zikavuta kumeneko, masiku akachuluka, pepalalo silithandiza wodwalayo. Womuperekeza yekha ndiye angapindule ndi lake.

Ngati mwafufuza ndipo palibe amene akuvomera kuteteza mtima wa mayi wa zaka 68 uja, maganizo anga ndi akuti ana ndiwo akwere ndege. N'zowawa kunena, podziwa mmene agogo amafunira kunyamula mdzukulu, ndi mmene tchuthi chimavutira kwa ogwira ntchito kunja. Koma banja lisankhe likudziwa kuchuluka kwa chimene likuika pachiswe. Kudikira nakonso kumathandiza, chifukwa pa mafunso aja nthawi imawerengedwa: munthu amene watha chaka osagonekedwa, mankhwala osasintha, zopima zonse zitatha, amapatsidwa mtengo wabwino kuposa wa mwezi wachitatu.

Mukagula nkhani sinathe. Makampani ambiri amafuna kuti muwauze ngati thanzi lanu lasintha pakati pa tsiku logula ndi tsiku lonyamuka, kaya ndi mankhwala atsopano, kaya dokotala wakutumizani kukapimidwa. Atha kuwonjezera mtengo kapena kukubwezerani ndalama za ulendo, koma kukhala chete n'kumene kumawononga zonse. Kuyenda dokotala ataletsa kumafafaniza chitetezo pafupifupi paliponse. Woyenda naye, kaya ndi mkazi kaya mwamuna, ndi bwino akhale pa mgwirizano womwewo, kuti inu mukagonekedwa nayenso amulipirire malo ogona ndi tikiti yosintha. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, ochuluka kuposa masiku a ulendo, pamodzi ndi kalata ya dokotala, pepala la ECG yaposachedwa, ndi khadi la kabatire ngati muli nako. Nambala ya foni yothandiza usana ndi usiku yomwe ili pa chikalata muipereke kwa amene mukukafikira, mlongo wanu kapena mphwanu, ndipo muwauze kuti mukadwala aimbe msanga. Kampani imafuna kuvomereza chithandizo chachikulu ndi ndege ya ambulansi isanalipire, ndipo banja likadzikonzera lokha likhoza kukanidwa. Akakana kulipira mopanda chilungamo, ku Britain mumadandaula kwa kampaniyo kaye, ndipo ikakana kapena pakatha masabata 8 mumapita ku Financial Ombudsman Service, komwe salipiritsa. Ku Malawi makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo madandaulo amalandiridwa kumeneko.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo maulendo athu ambiri sapereka nthawi. Foni imalira usiku, mwamva maliro, ndipo mawa lake mukufunafuna tikiti. Munthu wachisoni sangakhale pansi ndi makalata a kuchipatala n'kumayerekeza makampani asanu. Amagula choyamba chimene wachiona, kapena amanyamuka wopanda kanthu, kupita ku ulendo wa kusagona, kulira ndi kuiwala mapiritsi, womwe umalemetsa mtima kuposa wina uliwonse. Amene ali ndi vuto la mtima ndipo ali ndi makolo okalamba kumudzi achite kafukufukuyu panopa, zinthu zili bata. Ngati kampani yavomera inshuwalansi ya chaka chonse yoteteza mtima, yokhala ndi masiku okwanira, aigule ngakhale alibe ulendo. Ngati yavomera ya ulendo umodziumodzi wokha, asunge dzina lake, nambala yake ndi mayankho amene anapereka, ndipo mkazi wake kapena mwana wake adziwe pomwe wazisunga.